Lipoti la pa kauntala: wophunzira wa chemistry ndi nkhani ya cyanide mu chinangwa

Izi ndikulembera makamaka anzanga amene mumakhala pa kauntala ya mafunso m'malaibulale a mayunivesite athuwa koma chemistry munalekera fomu 4 ngati ine. Dzina la sukulu ndi la mwanayo sinditchula. Anali mtsikana wa chaka chachinayi, pulojekiti yake yomaliza inali yoyeza poizoni wa cyanide mu ufa wa kondowole ndi m'makaka amene amagulitsidwa m'misika, kwawo ndi ku Nkhata Bay nde za chinangwa sankachita kumvera m'buku, anakula akuona amayi ake akuviika.

Zomwe anabwera nazo

Pempho lake linali lalifupi: "Madam ndikufuna mabuku a cyanide." Ndikanangomulozera kumashelefu a QD komwe timaika chemistry akanapita ndithu, akanapezako mabuku a inorganic onena za KCN (potassium cyanide) ndi zokumba golide, n'kubwerera ku hostel ali ndi chikhulupiriro choti laibulale yathu ilibe kanthu. Ambiri amatero ndipo sabweranso. Ndinamuuza kuti achemwali takhalani kaye pansi, cyanide ameneyu mukumufuna wa chani. Apa m'pomwe anatulutsa proposal yomwe asupavaiza ake anabweza, itachongedwa ndi cholembera chofiira malo awiri. Malo oyamba analemba kuti njira yoyezera sinafotokozedwe komanso alibe pomwe waitenga. Achiwiri anafunsa kuti manambala amene apezewo adzawayerekeza ndi chani. Ndiye pempho la "mabuku a cyanide" lija kwenikweni linali mafunso atatu osiyana: chinthu chimene akuyezacho ndi chani, amayeza bwanji mu labu yopanda zida zodula, ndipo mulingo wovomerezeka ndi uti. Lachinayi silinali pa pepala koma linatulukira pambuyo pake, la chitetezo cha mu labu, ndipo kwa ine ndi limene linali lalikulu.

Analinso ndi mndandanda wa mapepala mu foni amene anamupatsa ndi ka AI kamene ana onse akugwiritsa ntchito masiku ano. Maina a olemba ooneka bwinobwino, zaka, ma jenolo odziwika. Tinatenga ma DOI ake, manambala ozindikiritsa pepala lililonse pa intaneti, n'kumawaika limodzilimodzi pa doi.org, ena amatsegula pepala lina losiyaniranatu, ena amangoti palibe. Mitu tinaisakanso pa Crossref, kaundula wa ma DOI. Ochepa okha ndi amene analikodi. Sindinamukalipire, ndinangomuonetsa mmene amachekera kuti mawa azichita yekha, chifukwa zoti asiye kugwiritsa ntchito ndiye ndi maloto chabe.

Kuyamba ndi chinthucho osati mawu

Chemistry imasiyana ndi maphunziro ena pa kasakidwe. Wa history kapena wa education ukamuthandiza mawu osakira basi wathana naye. Wa chemistry uyenera kuyamba wadziwa kuti mankhwala akunenedwawo ndi ati ndendende, chifukwa chinthu chimodzi chimakhala ndi maina ambirimbiri, la IUPAC (bungwe loika malamulo a maina a mankhwala) lalitali ngati sitima, la malonda, lakale la m'mabuku a atsamunda, nde ukasaka ndi limodzi umaphonya theka la zomwe zinalembedwa.

Ndinamufunsa kuti mu chinangwa mumakhala cyanide weniweni kapena chani. Mwanayo ankadziwa, anangosowa womufunsa. Anati mu muzu mumakhala linamarin wambiri ndi lotaustralin pang'ono, ndipo ukasenda, kupala kapena kuviika, enzyme yotchedwa linamarase imakumana ndi linamarin uja n'kumuswa kukhala shuga ndi acetone cyanohydrin, kenako iyeyo ndi amene amasweka n'kutulutsa hydrogen cyanide, HCN, yemwe amauluka ngati mpweya. N'chifukwa chake kuviika ndi kuyanika kumachotsa ululu. Ndinati basi, mawu athu osakira ndi amenewo, cyanide payekha timusiye kaye.

Tinatsegula PubChem, yomwe ndi yaulere, ya boma la America pansi pa NIH, bungwe lawo la kafukufuku wa zaumoyo, inayamba mu 2004 ndipo sifuna pasiwedi. Titalemba linamarin inatipatsa formula C10H17NO6, kulemera kwake pafupifupi 247, chithunzi cha structure, maina ena monga phaseolunatin lomwe limapezeka m'mapepala akale, ndi nambala ya CAS, 554-35-8. Nambala imeneyi ndimaifotokoza kwa wophunzira aliyense wa chemistry wobwera pa kauntala panga, ili ngati nambala ya pa chitupa cha unzika, maina angasinthe koma iyo ayi. Madzi ndi 7732-18-5, HCN ndi 74-90-8, acetone cyanohydrin ndi 75-86-5. Ndipo nambala yomaliza ija ndi yochekera ngati sunalakwitse pokopera. Umatenga manambala enawo kuyambira kumanja, loyamba kuchulukitsa ndi 1, lachiwiri ndi 2, choncho mpaka kumapeto, n'kuphatikiza. Pa linamarin: 5 kuphatikiza 6, 12, 20 ndi 25 zimakwana 68, nambala yakumapeto ndi 8, ndipo ndi yomweyo ili pa 554-35-8. Mtsikanayo anayesa yekha pa ya madzi n'kupeza 105, anaseka nkumati zaka zinayi palibe anamuuzapo. Zimaoneka ngati zamasewera koma munthu ukamaoda mankhwala ku sitolo ya mu dipatimenti kapena kusaka SDS, chikalata chofotokoza za chitetezo cha mankhwalawo, kulakwitsa nambala imodzi ukupeza chinthu china.

Ndinamuonetsanso CAS Common Chemistry, yaulere yochokera kwa eni ake a manambalawa, ndi ChemSpider ya Royal Society of Chemistry, kuti azitsimikiza pawiri. NIST Chemistry WebBook ndi SDBS ya ku Japan ndinangotchula kuti tsiku lomwe adzafune ma spectra apite kumeneko, pa ntchito iyi sizimafunika. SciFinder ndi Reaxys, ma database akuluakulu a chemistry, anazimvapo kwa alekichala amene anaphunzira kunja ndipo anafunsa ngati tili nazo. Tilibe, ndi zolipira ndipo mtengo wake si wa bajeti yathu. Ine maganizo anga ndi oti kwa wophunzira wa digiri yoyamba kusowa kwake sikupha ntchito, amene amavutikadi ndi wa organic synthesis wofuna kusaka ndi structure kapena ndi reaction, ameneyo ndiye ndimamvera naye chisoni.

Kusaka njira yoyezera

Apa ndi pomwe panatenga nthawi, netiweki nayonso imachita kubwera ndi kupita. Tinalowa pa Research4Life ndi akaunti ya sukulu. Kwa amene simunazolowere, Research4Life ndi ambulera ya mapulogalamu asanu, Hinari ya zaumoyo yomwe inayamba 2002 ndi WHO, AGORA ya zaulimi ndi zakudya 2003 ndi FAO, OARE ya zachilengedwe 2006, ARDI ya sayansi ndi ukadaulo 2009 ndi GOALI ya zamalamulo 2018, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko olowa ulere bola sukulu ikhale inalembetsa. Mulibe khomo lolembedwa kuti chemistry, nde ana a chemistry amaona ngati si zawo, amati ndi za anamwino ndi a ku Bunda. Chonsecho ma jenolo a food chemistry ndi analytical ambiri ali mommo. Zina timazipeza kudzera ku MALICO, bungwe lomwe malaibulale a m'dziko muno amasonkherana kuti agule limodzi.

Mawu osakira tinawamanga chonchi, magulu atatu. Gulu loyamba la mbewu: cassava OR manihot OR manioc, chifukwa mapepala a ku Congo ndi akale amakonda manioc, ndipo ena akalekale amalemba Manihot utilissima m'malo mwa Manihot esculenta. Lachiwiri la mankhwala: linamarin OR cyanogen* OR "cyanogenic potential". Lachitatu la ntchitoyo: determination OR assay OR picrate. Ka nyenyezi kaja ka pa cyanogen*, kogwira mawu onse oyamba choncho, kamagwira pa PubMed ndi malo ena koma pa Google Scholar sikagwira, kumeneko uyenera kulemba mawu onse athunthu, ana ambiri sadziwa ndipo amangodabwa kuti bwanji zotsatira sizikusintha.

Titangoika "cyanogenic potential" zinthu zinasintha nthawi yomweyo. Dzina limene limangobwerabwera linali la J. Howard Bradbury wa ku Australian National University, amene ndi anzake anakonza njira ya picrate paper, pepala lake lodziwika la ufa wa chinangwa linatuluka mu 1998 mu Journal of the Science of Food and Agriculture. Njirayo anaipangira dala malo ngati athu. Umayeza ufa 100 mg, kuika m'kabotolo kotseka bwino pamodzi ndi kapepala kokhala ndi linamarase ndi buffer, kuthira timadzi pang'ono, kupachika kapepala kachikasu ka picrate osakhudza madziwo, kutseka n'kusiya usiku wonse. HCN akamatuluka kapepala kaja kamasintha kuchoka chikasu kupita ku bulawuni, ndipo ungayerekeze ndi tchati cha mitundu kapena, ngati labu ili ndi spectrophotometer, kuviika kapepalako m'madzi n'kuwerenga pa 510 nm, kenako kuchulukitsa absorbance ndi 396 kuti upeze ppm, kutanthauza mg ya HCN pa kilogalamu. Mtsikanayo atawerenga mpaka pamenepo anati labu yawo spectrophotometer ilipo ndipo imagwira. Tinapezanso njira ina yakale ya Cooke ya 1978 yogwiritsa enzyme imene Essers ndi anzake anadzaikonzanso mu 1993, imeneyo imasiyanitsa linamarin, cyanohydrin ndi HCN payekhapayekha koma imafuna mankhwala ambiri. Sindinamusankhire, si ntchito yanga ndipo sindingathe. Ndinamuuza atenge zonse ziwiri apite nazo kwa asupavaiza ndi kwa atekinishani a mu labu, iwo ndi amene akudziwa zomwe zili mu stoo.

Chinanso chimene ndimakakamira ndi batani la "Cited by" pa Google Scholar. Ukapeza pepala limodzi lenileni la njira, usabwererenso kukasaka ndi mawu, tsata amene analitchula, udzaona amene anayesa njirayo pa makaka, pa masamba, pa gari wa ku Nigeria, ndi amene anapeza zofooka zake. Pepala limodzi linali lotseka olo kudzera pa akaunti yathu. Ana amadziwa sayiti ija ya mapepala akuba kuposa mmene amadziwira catalogue yathu, ine pa kauntala sindiphunzitsa imeneyo. Tinayesa Unpaywall, yomwe imasaka makope aulere ovomerezeka, osapeza, ndiye ndinamuthandiza kulemba imelo yaifupi kwa wolemba wamkulu, kudzitchula kuti ndi ndani, akuchita chani, akupempha kope. Iye ankachita manyazi ati munthu wamkulu ngati ameneyo angayankhe mwana wa sukulu. Pepalalo linabwera.

Za kwathu konkuno

Literature review yake poyamba inali Nigeria yekhayekha, ngati kuti kuno palibe anagwirapo chinangwa. Tinaonjezera Malawi ndi "Nkhata Bay" pa mawu aja ndipo zinatuluka ntchito za Linley Chiwona-Karltun ndi anzake, kuphatikizapo Hans Rosling wa ku Sweden, Jonathan Mkumbira ndi John Saka, zomwe anachita m'boma lomwelo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kulowa m'ma 2000. Anapeza kuti alimi, makamaka amayi, amasankha dala chinangwa chowawa chifukwa akuba ndi nyama sazula chisawawa, komanso kuti akalawa kansonga ka muzu n'kunena kuti ichi n'chowawa kwambiri, mu labu mumapezekadi kuti poizoni ndi wochuluka. Mwanayo anakhala chete akuwerenga kenako anati agogo ake amatero ndithu, chinangwa cha mtundu wa Gomani samupatsa mwana kuti atafune, cha Manyokola ndiye chokazinga ndi chophika. Ndinamuuza kuti zimenezo alembe mu introduction koma atchule pepalalo.

Tinayang'ananso pa AJOL komwe kuli ma jenolo a mu Africa kuphatikizapo Malawi Medical Journal ndi Malawi Journal of Science and Technology, ndi AGRIS ya FAO yomwe imatola malipoti amene Google saona. Kenako ndinanyamuka naye kupita kuchipinda cha Malawiana kukafukula ma dissertation akale, chifukwa zambiri za m'dipatimenti sizili pa intaneti ndipo ana amabwereza ntchito yomwe wina anachita kale mu labu yomweyo. Mabuku a chinangwa enieni sali ku QD, ali ku SB pa SB211, ndipo a kakonzedwe ka zakudya ali ku TP, n'chifukwa chake kumulozera shelefu imodzi kukanamusocheretsa. Ndinamuuzanso kuti akapita ku holide adutsire ku Mkondezi Research Station, ndi kwawo komko, afunse.

Pa zaumoyo sitinakhalitsepo. Anafunika ndime imodzi yokha yonena chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika, ndiye PubMed inatipatsa za konzo, matenda opuwalitsa miyendo mwadzidzidzi amene amagwira anthu odalira chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino nthawi ya chilala kapena nkhondo, ndi mliri wa ku Nampula ku Mozambique mu 1981 umene unagwira anthu opitirira 1,000.

Mulingo ndi mayunitsi

Funso lachiwiri la asupavaiza linali losavuta kupeza koma losavutanso kulakwitsa. Codex Alimentarius, ya FAO ndi WHO, imaika malire a 10 mg ya HCN pa kilogalamu ya ufa wa chinangwa, ndipo zikalata zake amadawuniloda ulere pa sayiti yawo, cha ufawu ndi CXS 176-1989. Ndinamuuza atchule chikalata chenichenicho osati kulemba kuti "WHO inati" atatenga pa pepala la munthu wina yemwenso anatenga kwa wina. Za muyezo wa dziko lino ndinamutumiza kukafunsa ku Malawi Bureau of Standards, chifukwa ma standard a mayiko nthawi zambiri amagulitsa, sapezeka mwa kungosaka.

Tsono atayamba kupanga tebulo loyerekeza zotsatira za anthu osiyanasiyana ndinaona manambala akudumphadumpha, wina 12, wina 110, wina 300, onse ati ndi chinangwa. Ndinamufunsa kuti kodi onsewa akuyeza chinthu chimodzi? Titabwerera m'mapepala tinapeza ena alemba mg ya linamarin, ena mg ya HCN equivalents, ena pa muzu wauwisi ena pa wouma. Apa nambala ija ya kulemera kwa linamarin ya pa PubChem inagwira ntchito. Linamarin amalemera 247, HCN 27, ndiye pafupifupi magawo 9 a linamarin amapereka gawo limodzi la HCN, kutanthauza kuti 90 mg ya linamarin ndi pafupifupi 10 mg ya HCN. Ndipo poti muzu wauwisi gawo lalikulu ndi madzi, nambala ya pa dry weight imakhala yokwera kawiri ndi theka kapena katatu kuposa ya fresh weight ya chinangwa chomwecho. Masamuwo anachita yekha, ine ndinangofunsa funso. Anaonjezera ma column awiri pa tebulo lake, la yunitsi ndi lonena kuti chouma kapena chachiwisi.

Botolo la picric acid

Atabweranso kudzandiuza kuti asankha njira ya picrate, anangotchula mwa nkhani kuti mapepala achikasu aja apanga okha chifukwa mu stoo muli botolo lakale la picric acid. Ine chemistry sindidziwa koma dzina limenelo ndinalimvapo pa maphunziro ena a SDS ndipo silinandisangalatse. Tinatsegula PubChem pa 88-89-1, gawo la chitetezo, kenako SDS ya kampani yogulitsa mankhwala. SDS iliyonse ili ndi zigawo 16 zofanana, ndimauza ana kuti ngati alibe nthawi awerenge 2 ya zoopsa, 7 ya kagwiridwe ndi kasungidwe, 8 ya zodzitetezera ndi 10 ya zomwe siziyenera kukumana. Picric acid amagulitsidwa ndi kusungidwa ali wonyowa, madzi osachepera 30 peresenti, chifukwa akauma amaphulika ndi kugunda kapena kukhuzika, ndipo akakhudzana ndi zitsulo amapanga ma picrate oopsa kuposa iye mwini. Botolo lokhalitsa limatha kuuma n'kupanga timiyala pa chivindikiro, kupotokola kokha kuti utsegule ndi ngozi.

Ndinamufunsa ngati analiona botololo. Anati analiona patali, lili ndi fumbi. Ndinati achemwali musalikhudze, musaligwedeze, musalitsegule kuti muone ngati muli madzi, pitani kwa atekinishani wamkulu ndi pepala ili. Ndinasindikiza SDS ija pa printer ya mu ofesi n'kuchonga zigawozo. Ndinalembanso kakalata kwa asupavaiza ake kungowadziwitsa zomwe tawerenga, mwaulemu, poti iwo ndi amene akudziwa zambiri kuposa ine. Anandiyankha kuti athokoza ndipo dipatimenti iona chochita ndi botololo, mwanayo salikhudza, mankhwala oti agwiritse ntchito akonza ndi atekinishani. Tinawerenganso SDS ya KCN, 151-50-8, poti njira zina zimafuna iyeyo pokonza standard, mfundo yaikulu inali yoti asakumane ndi asidi ndipo ntchito yake ndi ya mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa kuutulutsa kunja.

Pali anzanga ena amati za chitetezo si za laibulale, ife tingopereka pepala lomwe munthu wapempha. Ine sindigwirizana nazo. Pepala la mu jenolo limalembedwera anthu amene akudziwa kale, limangoti "picrate papers were prepared" osanena kuti botolo likauma usaliyandikire, ndipo wophunzira wathu amawerenga yekha usiku pa foni. Ngati ndamuthandiza kupeza njira ndiye SDS ya mankhwala a mu njirayo ndi gawo la yankho lomwelo.

Mmene zinathera

Proposal inadutsa ulendo wachiwiri. Tinamaliza ndi Zotero, pulogalamu yosunga ndi kulemba ma reference, kumuikira pa laputopu ndi kumuonetsa kuti akaika DOI zonse zimadzadza zokha, koma achekebe maina a mankhwala m'mitu chifukwa tinambala tapansi ndi zilembo zopendekera za dzina la mbewu zimasokonekera. Dipatimenti yawo imafuna kalembedwe ka ACS (American Chemical Society) nde tinasankha kameneko. Zotsatira za mu labu sindinazione, si zanga, ndipo sindingaziike pano.

Pa kauntala ndasinthapo zinthu ziwiri. Wa chemistry aliyense ndimayamba kumufunsa dzina la mankhwala ndi nambala ya CAS tisanatsegule database iliyonse, akapanda kudziwa timayamba ndi PubChem. Ndipo ndinakonza kapepala ka tsamba limodzi kamene ndimapereka pa orientation ya a chaka chachitatu asanayambe ma proposal, kali ndi mayina a malo aulere aja, kalowedwe ka Research4Life popanda kulembapo pasiwedi chifukwa imeneyo amabwera kudzatenga okha ndi ID, chitsanzo cha mawu osakira a magulu atatu, ndi zigawo zinayi za SDS. A dipatimenti avomera kundipatsa ola limodzi mu kosi yawo ya research methods semesita ikubwerayi, ndapempha kuti likhale mu kompyuta labu osati mu holo, kuti aliyense asake mankhwala a pulojekiti yake ine ndili pomwepo.